Khungwa Lowawa la ku Wenya

Mlongo wanga wamng'ono anabwerako kunja chaka chimene anthu ankakangana za nyali ndi tambala pa referendamu. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale kwathu ku Wenya. Kalata yake inatsogola, ndipo analembamo kuti tsopano ndi dokotala. Amayi sanadikire kuti ndimalize kuwerenga. Anamanga chitenje, ulendo kukauza anzawo a kutchalitchi.

Mlongo wangayo anafika ali mbuu ndi fumbi la msewu wa ku Karonga. Kutacha tinapeza anthu atakhala pabwalo: mkulu wina atagwira tsaya, wina akudandaula msana, mayi wina atabereka mwana wotsokomola.

"Monire mose," anawalonjera mlongo wangayo m'Chitumbuka. "Kwagwanji?"

"Tabwera kwa adokotala," anayankha mayi wa mwana uja.

Mlongo wanga anakanda m'mutu. "Pepani, ine sindipima odwala. Ntchito yanga ndi kufufuza zimene zili m'kati mwa mankhwala, kuti tidziwe chimene chimapha matenda ndi chimene chingapweteke munthu."

Mkulu wogwira tsaya uja anatembenukira kwa amayi. "Ndiye mwanayu ankaphunzira chiyani zaka zonsezi, ngati dzino lokhali likumukanika?"

Amayi anaseka mpaka misozi. Mlongo wanga ananyamula mwana wotsokomolayo n'kuperekeza gulu lonse kuchipatala chathu chaching'ono, ulendo wapansi.

M'njiramo mayi uja anamuuza kuti kwawo, munthu akatentha thupi ndi malungo, amamuwiritsira khungwa la mtengo wina wa kuphiri. Mlongo wanga anaima pomwepo ngati waponda minga. Mwana atachira, tinapita kuphiriko atatu. Mayiyo anasenda kakhungwa n'kumupatsa kuti alawe. Nkhope imene anapanga tsiku limenelo sindidzaiwala.

"Kuwawa kumeneku ndiye mankhwalawo, adokotala," anatero mayiyo akuomba m'manja.

Makungwawo tinayanika pamphasa, ine ndikulimbana ndi mbuzi. Atauma anawaika m'maenvulopu akale a kusukulu kwanga, n'kulembapo malo ndi mwezi umene tinasenda. Kenako anapita nawo ku yunivesite kummwera, kumene anapeza ntchito.

Makalata ake a zaka zotsatira ankafanana. Magetsi athima, zonse zawonongeka, tayambiranso. Makina afa, tikudikira chitsulo chochokera kunja. Ndinkamuyankha kuti abwerere kumudzi tizidzalima mawere, koma iye ankangonditumizira sopo ndi moni.

Patapita zaka zingapo anabwera yekha ndi nkhani. Iye ndi ophunzira ake anali atapatula chinthu chowawa chija m'khungwamo. Chinkaphadi tizilombo ta malungo m'timbale tawo tagalasi, koma chikachuluka chinkawononga chiwindi.

"Ndiye piritsi lituluka liti?" ndinamufunsa.

"Silituluka, achemwali. Osati m'mene chililimu."

Ine ndinagwa mphwayi, koma mwiniwake anali wosangalala ngati wakolola nkhokwe ziwiri. Anati kudziwa pamene chinthu chimapwetekera ndi phindu lalikulu. Zimene anapezazo zinasindikizidwa m'magazini ya akatswiri, ndipo anzake a m'mayiko ena anayamba kumulembera. Ena ankayesa kuchisintha pang'ono chinthucho kuti ululu wake uchoke, ena anatengera njira imene iye anachipatulira n'kuyesa pa mitengo ya kwawo.

Tinapita kwa mayi uja, tinamupeza akupuntha nyemba. Mlongo wanga anamupempha kuti asamamwetsenso khungwalo ana ndi amayi oyembekezera, koma azithamangira nawo kuchipatala. Kenako anatulutsa pepala losindikizidwalo n'kumuwonetsa mzere wakumapeto, pamene anamuthokoza pomutchula dzina ndi mudzi.

Mayiyo anapukuta manja pachitenje asanaligwire. "Anthu akutali akuwerenga dzina langa?"

"Akuwerenga, mama."

"Yewo chomene. Mukawauzenso kuti nyemba ndili nazo zabwino."

Lero mlongo wanga anapuma pantchito ndipo akukhala pafupi nane. Ophunzira ake akale amabwera kudzamuona, ena pagalimoto, ena pakabaza, atanyamula mapepala oti awawerengere. Mmodzi wa iwo ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha Sitandade 5, ndipo tsopano ali ndi ophunzira akeake. Akakhala pakhonde n'kuyamba kujambula timizere tawo ta ngodya zisanu ndi imodzi toonetsa kapangidwe ka mankhwala, ine ndimawathirira tiyi n'kupita kukaona chimanga cha mlongo wangayo, chimene chaka ndi chaka amabzala mochedwa.