Makina Ankazimira pa Manda a Malemu

A Chikwakwa anatchetcha udzu kumanda a mumzinda zaka makumi awiri ndi zitatu. Dzinalo linachokera ku chikwakwa chimene anayamba nacho ntchito, ndipo ngakhale ofesi itawagulira makina a petulo okankha ndi manja, dzina linakana kuchoka. Anali munthu wa ndondomeko imodzi, woti simungamusunthe ngakhale mutabwera ndi ng'ombe. Ankathira petulo, kukoka chingwe ali pageti, n'kuyamba mzere woyamba chakumanja, tsiku lililonse chimodzimodzi. Akazi awo anagona pamzere wachisanu, ndipo panali patapita zaka zinayi chimwalirireni.

Tsono chaka chimenecho mtima wa mkuluyu unaphukanso. Pageti pankakhala mayi wina wamasiye wogulitsa nkhata za maluwa. Zinayamba ndi moni, kenaka tiyi wophika pambaula ya mayiyo, mapeto ake anagwirizana zomanga banja mwezi wotsatira. Abale onse anavomera, ndipo a Chikwakwa anayamba kuimba mluzu pantchito, chinthu chimene anthu anali asanachimvepo.

Sabata yomweyo makina anayamba zachilendo. Pageti ankalira bwinobwino, mizere inayi yonse udzu ukugwa ngati tsitsi kwa ometa. Kungofika pa manda a malemu aja, injini inkayamba kutsokomola, mphamvu n'kutha, kenaka zii! Ulendo woyamba a Chikwakwa anati ndi udzu wonyowa. Anakankhira makinawo kugeti, n'kutsegula thanki kuti aone petulo. Petulo analimo, ndipo atakoka chingwe injini inalira ngati sinalakwe kanthu. Ulendo wachiwiri inazimira pomwepo. Wachitatu, pomwepo ndithu, mawilo ataloza pamtanda wolembedwa dzina la akazi awo.

A Chikwakwa anaima n'kuyang'ana mtandawo. Komabe anayamba achita zimene munthu wanzeru amachita. Anamasula pulagi n'kuikwecha ndi burashi ya waya. Anachapa kasiponji kosefa mpweya, anapala udzu womatirira kunsi, ananola mpeni, anasinthanso oyilo. Atabwerera kumzere wachisanu, makina anatsokomola kawiri n'kufa. Apa a Chikwakwa anavula chipewa, chifukwa kwa iwo nkhani inali itamveka: malemu akana ukwati.

Sanauze munthu. Anangopita pageti, maso ali pansi.

"Mayi, zija tinakambirana tizisiye."

"Ndalakwanji, bambo?"

"Simunalakwe. Zangovuta basi."

Mayi uja anaika pansi waya womangira nkhata. Sanalire, koma tsiku limenelo anaweruka dzuwa lili pamutu.

Patatha masiku asanu kunabwera mlamu wawo, mlongo wake wa malemu, makanika wa njinga zamoto ndi majenereta, munthu wa pakamwa posatseka. Anali atamva kuti ukwati watha, ndipo sanafune n'komwe kukhala pansi. A Chikwakwa atamufotokozera monong'ona, makanika anagwira m'chiuno.

"Alamu, mutu ukuyenda bwino? Mlongo wanga uja ankaopa ngakhale kusintha babu, ndiye sukulu yozimitsa injini waiphunzira kuti? Lizani makinawo, koma lero muyambire kumapeto, kumpanda uko."

"Kumpanda? Sindinayambireko chibadwire."

"Lero mubadwanso. Tiyeni."

Anayambira kumpanda. Makina analira mwamphamvu, mzere umodzi, iwiri, itatu, inayi, kenaka chifuwa chija chinayamba, n'kuzimira pa manda a mphunzitsi wina amene a Chikwakwa sankamudziwa n'komwe. Makanika anawerama kuwerenga mwala.

"Kodi aphunzitsi awanso munawalonjeza chiyani, alamu?"

Makanika anagwada, anaika khutu pathanki, n'kupotokola chivundikiro pang'onopang'ono. Kunamveka fyuu, mpweya ukuthamangira mkati. Atatembenuza chivundikirocho, kunsi kwake kunali kapepala ka pulasitiki kopinda kanayi, kodulidwa mozungulira bwinobwino.

"Mzimu wanu ndi uwu," anatero makanika. "Mukuona kabowo aka? Petulo akamatsika kupita ku injini, mpweya umayenera kulowera apa. Mukatseka, thanki imaumira petulo, ngati botolo lozondotsa limene mwatseka ndi chala. Makinawa amangoyenda mphindi khumi n'kubanika. Inuyo poti mumayambira malo amodzi ndi liwiro limodzi ngati wotchi, mphindi khumizo zimakuthera pa mlongo wanga. Mukatsegula kuti muone petulo, mpweya umalowa, iwo n'kudzuka."

Anachotsa kapulasitikiko, n'kukoka chingwe. Kenaka anakankha makinawo katatu konse kudutsa pa manda a mlongo wake, injini ikubangula osaphonya ngakhale kamodzi.

A Chikwakwa anatola kapulasitiki kaja. Kanali kowala, kolira tswatswa, ka mtundu umene amakulungira maluwa. Mayo ine! Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi anathamanga pakati pa mitanda ngati wabedwa, mpaka anafika pageti ali wefuwefu.

"Mayi, ichi mukuchidziwa?"

"Ee, ndinaika ndine," anayankha mayi wa maluwa osakweza mutu. "Chivundikiro chinkatayitsa petulo, buluku lanu linkanyowa, ndiye inu ndi kukonda kwanu kukhala pafupi ndi mbaula, ndinkaopa kuti tsiku lina mudzayaka ndikuona."

"Ndiye ukwati ulipo, mayi! Malemu sanakane ayi, inali pulasitiki chabe!"

Apa m'pamene mayi uja anadzutsa mutu. Nkhata inagwa pansi.

"Malemu? Mukuti chiyani, bambo?"

A Chikwakwa anafotokoza zonse, za mzere wachisanu, za pulagi, za aphunzitsi, akuseka ndi chimwemwe. Anaseka okha. Nkhope ya mayiyo inali itauma gwa.

"Kodi munandisiya chifukwa makina anazima? Masiku asanu ndakhala osadya bwino, kudzifufuza kuti ndinalankhula chiyani, kapena wina anakuuzani zotani za ine. Ana anga ndinawauza kuti mwina ndine wolakwa. Inu munafunsa pulagi, munafunsa oyilo, mpaka munakafunsa akufa. Ine wamoyo ndili pompano pageti, mapazi makumi awiri kuchokera pamene mumakokera chingwe cha makinawo, simunandifunse."

"Pepani, mayi, ndinachita mantha."

"Mantha ndikuwamvetsa, inenso ndinaika mwamuna m'manda omwewa. Koma mukanangoti, mayi, makina akuvuta, bwenzi nditakuuzani tsiku lomwelo. Ndiye mawa babu likapsa m'nyumba, ndidzapezanso katundu wanga panja?"

"Sizidzachitikanso, ndalumbira."

"Ayi, bambo. Ndinakukondani ndithu, ndipo zikundiwawa kwambiri, koma nyumba yoteroyo sindilowamo."

Anatola nkhata ija, anaikuntha fumbi, n'kutembenukira kwa anthu awiri ovala zakuda amene ankafunsa za maluwa oyera. A Chikwakwa anaima pomwepo. Kumbuyo kwawo makanika anali kukuwa kuti abwere adzalandire makina awo, iye ali ndi ntchito kugalaja.