Nyumba ya Chitengwa

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate, aliyense ankayenda ngati wangochira kumene. Makadi a chipani anali atatha, ife alimi wamba anatilola kulima fodya wa bale, ndipo pamsika wa Mitundu munthu ankanyoza boma dzuwa likuswa mtengo osacheuka n'komwe. Ine ufuluwo ndinkangoumvera pa wailesi. Ndinali mkamwini, ndipo pamudzi pa akazi anga mawu anga sankapita patali.

Ndinali nditakhala zaka zisanu kwawo kwa mkazi wanga, kuseri kwa Mitundu. Munda umene ndinkalima unali wa apongozi, malo a nyumba analinso a apongozi. Ngakhale mtengo wa mango sindinayerekeze kudzala, poti tsiku lochoka mtengo sunyamulika. Tinali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zinayi, wamakani ngati ine ndemwe. Mwa mwambo wathu mwanayo anali wa mbumba ya atsibweni a mkazi wanga, ndipo kuti akulire pakhomo panga panafunika chitengwa, ndiko kuti ndikapemphe kwa atsibweniwo kuti andilole kutenga mkazi ndi mwana kupita nawo kwathu ku Nathenje.

Koma atsibweniwo ndinali nawo chifukwa. Tsiku lina pamaliro, anthu tili phee pansi pa mtengo, iwo anati, "Akamwini athuwa akapita kwawo amagona m'khitchini mwa amayi awo, pamodzi ndi nkhuku." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, poti mkamwini angatani? Choipa n'chakuti sananame. Mawuwo ndinawasunga mumtima zaka ziwiri, ndipo ankandiwawa tsiku lililonse ngati ndawamva dzulo.

Ndiye m'mawa wa tsiku la chaka chatsopano, titachokera ku tchalitchi, ndinatola khala n'kulowa m'chigafa cha fodya. Pa thabwa limene tinkasankhirapo fodya ndinalemba mawu anayi motsikira pansi: njerwa, malata, chitseko, chitengwa. Mkazi wanga anandipeza ndikuwayang'ana manja ali m'chiuno, ngati nyumbayo yatha kale. Sukulu sanapite nayo patali, choncho anandiuza kuti ndimuwerengere.

"Chapansicho chikwezeni pamwamba, bambo a mwana," anatero. "Kupempha sikufuna njerwa."

"Ndikapemphe ndilibe nyumba, kuti akandisekenso?"

"Akaseka akatopa. Ife tikayamba ndi ya udzu. Atsibwenitu sangakane."

Ndinamuuza kuti atsibweni ake ndinkawadziwa bwino kuposa iye. Ndinkafuna kuti tsiku lopemphalo adzapite okha ku Nathenje, adzaime kutsogolo kwa nyumba ya malata, adzagogode pa chitseko changa, manyazi adzawagwire. Mkazi wanga anatola dengu lake n'kupita kukathyola ndiwo.

Ntchitoyo ndinaigwira, pamenepo sindidzichepetsa ayi. Fodya anachita bwino chaka chimenecho. Mvula itangosiya ndinayamba maulendo. Lolemba m'mawa ndinkapalasa njinga kulowera ku Nathenje, Loweruka masana n'kubwerera. Ndinaponda dothi ndekha, kuumba ndekha, mpaka zikhatho zinang'ambika, chikombole chikuterereka ndi magazi. Uvuni utapsa, njerwa zake zofiira bwino, ndinabwerera ku Mitundu n'kukadula mzere pa mawu oyamba aja. Mtima wanga unali mbee, ndipo ndinaitana mkazi wanga kuti adzaone.

Anabwera akutsokomola. Unali mwezi wa Juni, ndipo ndinati ndi chisanu chabe komanso fumbi la fodya lija tinkasankha. Ndinamugulira mapilitsi pa golosale n'kukwera njinga Lolemba monga mwa nthawi zonse. Zaka zimenezo chifuwa chinkatenga anthu ambiri, maliro ankachita kutsatana, koma ine ndinali ndi thabwa langa, ndipo pa thabwapo panalibe mawu oti matenda.

Makoma anakwera. Loweruka lililonse ndinkafika ndi nkhani za nyumba: lero tafika pa mawindo, lero taika mitanda. Mwana ankandichingamira kumsewu n'kukwera pa kaliyala, ndipo Lolemba ankandiperekeza mpaka pa chulu. Poyamba ankalira kwambiri, kugwira handulo osafuna kusiya. Pofika Ogasiti anali atazolowera. Mwezi womwewo ndi umene ndinaona kuti chitenje cha mkazi wanga chayamba kumuzungulira kawiri.

"Kapempheni sabata ino," anandiuza tili pakhonde. "Ndikufuna ndikamuone mwanayu akusewera kwanu."

"Malata akwere kaye."

"Bambo a mwana, ine thupi silili bwino."

"Ndiye ndikakugoneke m'nyumba yopanda denga?"

Ndinayankha mokalipa, ndipo ndikukumbuka kuti ndinakwiyadi. Ndinkaona ngati sakuyamika, ine ndikuthyoka msana chifukwa cha iye. Lero ndikaganiza ndimaona kuti msanawo ndinkathyokera atsibweni ake. Munthu amene ndinkamumangira nyumba m'maganizo mwanga anali mdala wonyoza uja, osati mayi amene anakhala pambali panga akupuma movutikira.

Malata anakwera mu Seputembala, ndinadula mzere wachiwiri. Chitseko chinachedwa chifukwa cha ine ndemwe. Kalipentala wa pa Nathenje anapanga chabwinobwino, koma ine ndinachibweza ati matabwa ake ndi opyapyala. Kenako ndinafuna loko weniweni wa kiyi, osati kachingwe. Kenako penti wobiriwira. Masabata atatu anapita choncho, mkazi wanga akulephera kufika ngakhale pa chitsime.

Nditadula mzere wachitatu ndinatuma ankhoswe anga kuti akapemphe tsiku. Anabwerako ndi yankho lalifupi: eni mbumba akuti sangakambe za ulendo munthu ali gone pamphasa, achire kaye. Sabata yomweyo tinamutengera kuchipatala pa ngolo. Anakhalako masiku khumi ndi awiri. Anamwalira mvula yoyamba itagwa, anthu ali kalikiliki kudzala chimanga. Nyumba ija sanaione, ngakhale njerwa imodzi.

Khirisimasi itadutsa anandiitana kuti andisudzule, ndiko kundimasula kuti ndibwerere kwathu poti ukwati watha ndi imfa. Tinakhala pa mikeka kuseri kwa nyumba ya apongozi, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo. Anandithokoza kuti ndinali mkamwini wolimbika ntchito, wosamwa, wosamenya. Anatulutsa khasu langa, nkhwangwa, wailesi ndi zovala. Mawu anga ndinali nditawakonza bwino. Ndinagwada n'kunena kuti kwathu kuli nyumba ya malata ya zipinda ziwiri, sukulu ili pafupi, ndipo ndikupempha mwana.

Ndinkayembekezera chipongwe, ndipo chikanandithandiza, poti ndikanapeza womukwiyira. Koma atsibweni aja atandiyang'ana, maso awo anali ofiira.

"Akamwini," anatero, "malemuwa anabwera kwa ine mwezi wa Febuluwale. Anati bambo a mwana abwera kudzapempha chitengwa, musadzawavute. Ine ndinati abwere, ndilibe nawo chifukwa. Ndadikira chaka chonse. Loweruka lililonse ndikamva belu la njinga yanu ndimati lero afika. Mukanapita nawo ali moyo, mwana n'kuzolowera kwanu, ife sitikanakamuzula. Koma lero taonani mlongo wangayu." Analoza apongozi, amene anali atakhala poteropo mwanayo ali pamiyendo. "Watsala ndi kamwana komweka. Ndikalande ine?"

Ndinafuna kunena za nkhuku za m'khitchini zija, kuti ndi iwo anayambitsa. Nditayang'ana nkhope yawo ndinazindikira kuti nthabwala imeneyo anaiwala kalekale, mwina tsiku lomwelo. Ndinali ndekha amene ndinaisenza zaka zonsezo. Ankhoswe anga anandigwira paphewa, ndipo ndinaomba m'manja kuvomereza.

Katunduyo anakwana pa kaliyala. Ndisananyamuke ndinalowa m'chigafa kukatenga chingwe chomangira, ndipo thabwa lija linali pomwepo, mawu atatu odulidwa, amodzi apansi ali bwinobwino. Sindinawafufute ndipo sindinalitenge. Thabwalo linali la apongozi.

Mwana anandiperekeza mpaka pa chulu, akudumphadumpha. Njira yonseyo ndinkaopa kuti alira, agwira handulo, ndipo ine mtima undithawa pamaso pa anthu. Titafika anangoima n'kundiyang'ana.

"Ababa, mubwera Loweruka?"

"Ndibwera."

"Mudzandigulire mandasi."

Anatembenuka n'kuthamangira kwa anzake amene ankasewera fulaye, ine ndisanakwere n'komwe njinga. Sanalire ngakhale pang'ono. Chaka chonse ndinali nditamuphunzitsa ndekha kuti bambo ake ndi munthu wochoka.

Chaka chatsopano chinandipeza ku Nathenje. M'mawa anthu ankadutsa kupita ku tchalitchi, ena n'kuima kuyamikira malata ndi penti wobiriwira, ena kundifunsa kuti nanga chaka chino ndakonza zotani. Ndinkangoti tiona. Mwanayo anakulira ku Mitundu, anakwatiwa konko, ndipo mpaka lero akamanditchula kwa ana ake amati agogo a ku Nathenje. Chipinda chimene ndinamumangira sanagonemo ngakhale masiku khumi.