Tsiku limene ndinabereka a Tembo pa nsalu ya pa tebulo

Linali Lachinayi, kumayambiriro kwa July, 2 koloko masana itangokwana. Tinali mu holo ya tchalitchi china ku Peckham, m'mene nkhalamba za ku Africa zinkasonkhana kudzamwa tiyi ndi kucheza. Ine ndinali kutolera makapu. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu.

Ndikulembera inu amene munabadwira kuno, amene munandidziwa ndili kale ndi baji ya ntchito pakhosi. Nthawi imeneyo ndinalibe. Mabasi aatali opindika pakati aja anali akuyendabe. Ndinkagwira ntchito pa nyumba yosungira okalamba ku Woolwich, ndipo Lachinayi lililonse ndinkakwera basi ya 177 kuchokera ku Thamesmead kudzathandiza ku holoko mosalipidwa. Ndinkafuna kukhala sosho weka, munthu amene boma limamutuma kwa mabanja amene zinthu zawathina. Sukulu ndinalekezera Folomu 4 ku Dedza. Njira yanga inali imodzi yokha: kosi ya chaka chimodzi pa koleji ina, yokonzekeretsa anthu ngati ine kulowa yunivesite.

Intavyu inali mawa lake m'mawa.

Sabata yonseyo ndinkangomwetulira ndekha m'basi. Mayankho ndinkawayeserera pa nkhalamba zija, izo n'kumandikonza Chingerezi ndi kundiombera m'manja. Chotsala chinali umboni wa amene ankandiyang'anira pa holopo, Mayi Nkhoma, sosho weka wa ku Kasungu amene anaphunzira konkuno. Akoleji anati adzawaimbira foni. Mawu a mayiwa ndiwo akanandilowetsa kapena kundibweza.

Mayi Nkhoma anali ndi malamulo awiri amene sankatopa kutikumbutsa. Kukabuka chipolowe panja, khomani zitseko, khalani pansi kutali ndi mawindo. Lachiwiri, munthu wodwala sanyamulidwa ndi manja. Pali wilitcheya, pali makina onyamulira. Wonyamula munthu ndi manja, ntchito yamuthera.

Phokoso linayambira kumunsi kwa msewu. Poyamba anali mapazi ambiri othamanga. Kenako botolo linasweka. Magulu awiri a anyamata anali atakumana pakhomo pathu penipeni. Pa windo ndinaona majuzi ophimba kumutu ndi mpeni wautali. Ambiri anali ana a sukulu.

Mfuti inalira.

Wina mu holomo anati ndi tayala la galimoto laphulika. Ine ndinaidziwa.

Mayi Nkhoma anathamangira ku chitseko cha kumaso n'kuchikhoma. Ndinamva kiyi akutembenuka. Chimene chinandidzidzimutsa ndi kiyiyo, osati mfuti.

Kwathu ku Angonia, ku Mozambique, nthawi ya nkhondo mwana aliyense ankadziwa chinthu chimodzi. Mfuti ikalira sulowa m'nyumba. Nyumba amaitentha. Umathawira m'chimanga kapena ku dambo, ndipo umanyamula amene sangathamange.

Pafupi nane panali a Tembo, bambo a ku Lusaka amene ankayendetsa mabasi konkuno mpaka sitiroko inawafoola mwendo ndi dzanja la kumanja. Wilitcheya yawo inali yopinda, kuseri kwa piyano. Ndinasolola nsalu ya pa tebulo. Makapu ndi mabisiketi zinamwazikira pansi. Ndinagwada, ndinawakweza kumsana, ndinawakulunga ndi nsaluyo n'kumanga mfundo ziwiri pachifuwa panga. Manja anachita okha.

Chitseko cha kukhitchini chinali chisanakhomedwe. Ndinatuluka.

"Iwe mufana, unipeleka kuti?" anatero a Tembo m'khutu mwanga, m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Nine saka ya malasha ine?"

Ndinangopitirira.

Kuseriko kunali mabini akuluakulu ndi kanjira kopapatiza. Ndinathamanga chowerama. Ndinadutsa kumbuyo kwa shopu ya nsomba, madzi a ayezi akuyenderera pansi. Mmodzi wa anyamata aja anatipitirira akudzandira, atagwira pamimba. Malaya ake oyera anali atafiira mbali imodzi. Tayi ya sukulu inali kulendewera m'thumba mwake.

Maso anga ankafuna tchire. Ku Peckham kulibe tchire. Koma kuseri kwa mafulati kunali timinda tating'ono timene anthu amabwereka ku khonsolo, ndipo geti yake inali yotsegula. Wina anali atadzala chimanga. Chinali cholekeza m'chiuno. Chinandikwanira.

Ndinamasula mfundo imodzi ya nsalu, ndinawagoneka a Tembo pakati pa mizere, ine n'kugona pambali pawo. Dothi linali lofunda. Ndege ya apolisi inkazungulira pamwamba. A Tembo anali atataya nsapato imodzi. Anapuma mwabefu kwa kanthawi, kenako anayamba kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Kuchokela pamene n'nadwala sin'nathamangepo so," anatero. "Uli na sipidi, mufana. Mawa unipeleke ku bank."

Nanenso ndinaseka. Ndinaseka mpaka misozi, masamba a chimanga akundikanda kumaso. Magazi ankathamanga m'thupi monse. Tinali amoyo tonse awiri.

Foni inalira m'thumba mwanga. Nditaona dzina la Mayi Nkhoma, m'pamene ndinakumbukira malamulo aja. Ndinali nditathyola onse awiri.

Nditawauza kumene tinali, anafika akukankha wilitcheya, limodzi ndi munthu wa ambulansi. A Tembo anawayeza. Anangosupuka bondo. Mayi Nkhoma sanandiyang'ane mpaka bambowo atawakweza m'galimoto. Atatero anandiitanira pa geti.

"A Fabiano, mukudziwa kuti mukanawaphetsa bambo aja?"

"Ndikudziwa, mayi."

"Kanjira kamene mwadutsa ndi komwe anyamata aja amathamangitsana. Onse amene anatsala mu holo palibe wakandika ndi pang'ono pomwe. Ine kuwerenga anthu, awiri palibe, mfuti ikulira panja. Mukuganiza kuti mtima wanga unali pati?"

Ananena zoona. Ndinayang'ana pansi. Kosi ija ndinaiona ikupita.

Anatola nsalu ija. Mfundo imodzi inali isanamasuke. Anaitembenuza m'manja.

"Kamangidwe aka ndi ka azimayi obereka ana. Inu munakaphunzira kuti?"

Ndinawauza. Kuno ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Asilikali anafika m'mudzi mwathu nyengo ya chimanga chachiwisi. Amayi anandimangirira mlongo wanga Rozina kumsana ndi chitenje chawo, n'kundikankhira ku munda. Iwo anabwerera m'nyumba kwa agogo amene sankayenda, ndipo ndinamva akukhoma chitseko. Ndili m'chimangamo ndinaona utsi. Ndinatsatira anthu ena, kuyenda m'tchire, mpaka tinaoloka msewu wa phula pa Lizulu. Wina anatiuza kuti mbali iyi ndi ku Malawi. Mayi wina wogulitsa mbatata ndiye anamasula chitenjecho. Zala zanga zinali zitakanika.

Mayi Nkhoma anapinda nsalu ija bwinobwino, ngati yochapa kumene.

"Akoleji akaimba, ndiwauza zonse," anatero. "Ndiwauza kuti munathyola malamulo. Ndiwauzanso kuti pothawa simunathawe nokha. Asankhe okha. Koma pali chimodzi. Ntchito mukuifunayi, mudzalowa m'nyumba zambiri zokhoma, ana akulira, bambo akukuwa. Musanayambe kuona mabala a anthu ena, pitani kwa mlangizi akaone anu."

Ine ndinkati uphungu wa mtundu umenewo ndi wa azungu.

"Sindine wamisala, mayi."

"Nanga ine ndine wamisala? Ndimapita Lolemba lililonse."

Ndinawayang'ana. Mayi amene ankatha kukhazika chete holo yonse ndi diso limodzi, nawonso ankakhala pa mpando n'kumafotokozera munthu za mumtima. Sindinkadziwa kuti imeneyonso ndi mbali ya ntchitoyi, kuti wosenza za anthu amakhala ndi pokatula. Anandipatsa nambala ya malo ena kumene ankathandiza anthu ochokera ku nkhondo, ulere. M'basi pobwerera ndinakhala pamwamba, kutsogolo. Ntchito ija ndinkaifuna kuposa mmene ndinkaifunira m'mawa.

Mnyamata wa tayi uja anamwalira madzulo omwewo kuchipatala. Ndinamva pa wailesi. A Tembo anakhala ndi moyo zaka zina zingapo, ndipo nkhaniyi ankaifotokozera aliyense wobwera ku holo, mtunda umene tinathamanga ukutalika chaka ndi chaka. Rozina ali ku Dedza, ndi mphunzitsi. Za ulendo uja sakumbuka kanthu. Amayi ndi agogo manda awo sindiwadziwa.

M'mawa wa tsiku la intavyu ndinadzuka msana ukuwawa. Ndinatsika basi pa Woolwich nthawi ikadalipo. Ndinaima pafupi ndi msika, amalonda akuyala zipatso, n'kuimba nambala ija. Anandiuza kuti ndipite Lachitatu.

Kenako ndinalowa m'koleji. Pa tebulo panali anthu awiri, mayi ndi bambo. Mayiyo anati alankhula kale ndi Mayi Nkhoma. Anandifunsa ngati zitachitikanso ndingachite zomwezo.

Ndinati mutu wanga ukudziwa kuti ndiyenera kutsala m'nyumba, kukhala pansi pambali pa wodwalayo mpaka phokoso lithe. Ndinati miyendo yanga sinadziwebe, n'chifukwa chake Lachitatu ndikukaonana ndi mlangizi.

Awiriwo anayang'anana. Bamboyo anandifunsa ngati a ku ntchito kwanga angandilole kusintha mashifiti kuyambira mu September, kosi ikamadzayamba.

Ndinati ndikawapempha lero lomwe.