Chidindo chimene Che Twaibu analibe

Che Twaibu Cassim amadzuka kusanache. Akamaliza swala ya m'mawa amakoka payipi n'kuyamba kuthirira maluwa a m'mbali mwa mpanda, chifukwa kuno ku Al Messila, mumzinda wa Doha, dzuwa likangokwera madzi a m'payipi amatentha ngati a tiyi. Ine ndimaphika m'nyumba yomweyo. Ndikamatsegula zenera la kukhitchini, iwo amakhala atafika kale pa mtengo wa ndimu.

Kwawo ndi ku Ntaja, koma anakhala ku Durban zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anakwatira mkazi wa komweko, nabereka mwana mmodzi, Zuhura, ndipo kudzera mu ukwatiwo analandira chikalata chokhalira ku Joni moyo wawo wonse. Mkaziyo atamwalira ntchito inasowa, ndiye anabwera kuno. Chikalatacho amachisunga m'pulasitiki pansi pa sutikesi.

“Penshoni yanga ndi imeneyi, Amayi Flora,” amatero. “Ndikadzakalamba ndikakhala pakhonde pa Zuhura, ndizikalimbirana wailesi ndi zidzukulu.”

Lamulo ankalidziwa: ukatha zaka zitatu osaponda m'dzikomo, chikalata akhoza kukulanda. Sizinkawadetsa nkhawa. Tchuthi chilichonse ankapita ku Ntaja kukaona mayi awo okalamba, ndipo ndege inkadzera ku Johannesburg. Ankakhala pabwalo la ndege maola anayi, kumwa tiyi, n'kuimbira mwana wawo kuti, “Ndaponda.”

Chaka chatha Zuhura anaimba foni. A msonkho a ku Joni ankafuna mafomu chifukwa cha kachipinda kakuseri kamene Che Twaibu amachititsa lendi ku Durban, ndipo fomu ina inkafunsa masiku amene anakhala m'dzikomo. Anabwera kukhitchini ndi pasipoti, Zuhura akadali pafoni.

“Maso anu ndi abwino, amayi. Tandiwerengereni ma-stamp a ku Joni.”

Ndinapukuta m'manja n'kuyamba kutsegula masamba. Chileka, Doha. Chileka, Doha. Chidindo cha ku Joni chomaliza chinali cha tsiku limene ananyamuka kubwera kuno koyamba. Ndinawauza.

“Baba,” anatero Zuhura, “pa airport paja munkatuluka panja?”

“Kutuluka kukatani? Ndinali pa transit.”

“Baba! Transit si South Africa. Simunalowe!”

Chester, dalaivala wa panyumbapo, anali pakhomo akudya buledi. “Ndiye kuti Che Twaibu mwakhala mukupereka moni kwa apongozi muli kumsewu,” anatero, “osafika n'pakhonde pomwe.”

Palibe anaseka. Tinawerenga pa kalendala: kunatsala masabata asanu ndi awiri kuti zaka zitatu zikwane.

Tchuthi cha chaka chimenecho anali atapita kale. Ramadani inali pafupi, ndipo adona a nyumbayo ankafuna kuti alendo a pa Eid adzapeze maluwa ali bwino. Che Twaibu anapempha chilolezo katatu. Katatu konse anayankhidwa kuti “bukra, inshallah,” ndiko kunena kuti mawa Mulungu akalola, koma mawalo silinkafika. Anasiya nthabwala. M'mawa wina ndinawaona ataima pa ndimu paja, madzi akusefukira mpaka pa matayilosi, iwo osaona. Ndinawaika m'mapemphero anga, ngakhale timapemphera kosiyana.

Amene anamasula mfundoyo ndi Chester yemweyo. Akuwatengera adona kumsika, anawauza kuti athirira yekha m'mawa uliwonse, ndipo duwa likafa limodzi amudule malipiro. Madzulo adona anaitana Che Twaibu.

“Khalas, basi. Masiku asanu. Yalla, pita.”

“Koma ndimu ija ikauma, ndidzanena kuti inali yodwala kale,” Chester ananong'oneza Che Twaibu akuwanyamulira chikwama.

Ananyamuka patatsala masiku khumi ndi limodzi. Anatiuza pambuyo pake kuti pa kauntala ya ku Joni mayi wa pamenepo anangoyang'ana chikalata, nayang'ana iwo, n'kudinda. Chithunzi choyamba chimene anatitumizira sichinali cha Zuhura kapena cha mdzukulu. Chinali cha chidindocho, chitajambulidwa mopendekeka, chala chawo chikuoneka pakona. Ndinakhala pa mpando wa kukhitchini n'kunena kuti Ambuye alemekezeke.

Mafomu a msonkho anadzaza ali komweko. Anabwera tsiku lachisanu ndi paketi ya tiyi wa rooibos ya ine ndi chipewa cha Chester. Ndimu anaipeza yamoyo, ngakhale anadandaula kuti yamwetsedwa ngati mpunga.

Tsopano tchuthi amachigawa pawiri, Durban kaye, kenako Ntaja. Mayi awo sanamuonepo Zuhura, amangomva mawu ake pafoni. Chaka chimene mkazi wawo anamwalira, Che Twaibu anamupempha kuti tsiku lina adzakwere nawo ndege, akaone agogo ake maso akadali kuona. Zuhura sanavomere ndipo sanakane. Mpaka lero iwo akamagula tikiti ya ku Chileka amayamba afunsa mtengo wa anthu awiri.