Gadiyani wa Madamu Osamva Kuwawa

Madamu anga a ku Garsfontein, amene ndinawagwirira ntchito ya m'nyumba zaka zisanu ndi ziwiri, anali ndi thupi limene kwathu ku Ntcheu anthu amachita kulipempherera. Koma iwo ankati mawondo akuwakana ndipo shuga wakwera, choncho anaganiza zokachepetsa chifu kuchipatala. Ine zinandiimitsa mutu. Ife tinabwera ku Joni kudzasaka chodzaza m'mimba, wina akukadulitsa mimbayo.

Amuna awo anali atamwalira kale, ana ali kunja. Ndiye ndinawafunsa kuti gadiyani wawo akhala ndani. Ndinawafotokozera kuti kwathu wodwala sagonekedwa yekha m'chipatala, pamakhala wachibale womusambitsa, kumudyetsa ndi kumutembenuza. Anaseka n'kunena kuti kuno zonsezo amachita manesi. Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Tsiku la opaleshoni ndinamanga zitenje ziwiri, beseni, phala ndi nkhuku yokazinga, uyo pa tekisi.

Ulendo wa nkhukuyo unathera pakhomo la wodi. Nesi wamkulu, mayi wakonkuno wa mtundu wa Apedi, wosakonda zocheza, anandiuza kuti wodwala wanga azingomwa timadzi ta pasupuni kwa masiku angapo, ndipo katundu wangayo akhale panja.

Madamu ndinawapeza atatsitsimuka, pamimba pali mapulasitala asanu, nkhope ili mwee. Ankati sakumva kuwawa ngakhale pang'ono. Apa ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Munthu wong'ambidwa m'mawa womwewo amayenera kubuula. Amayi anga ondibala, atadwala miyezi itatu, anadzuka tsiku lina n'kunena kuti ululu wonse watha, anapempha tiyi, anaseka nafe, ndipo m'mawa mwake tinali pamaliro. Kwathu aliyense amadziwa kuti kuchira kwadzidzidzi ndi kutsanzika.

Kuti nditsimikize, ndinalowetsa dzanja m'bulangete ngati ndikuwafunditsa, n'kuwatsina pambali pa pulasitala. Ndinatsina zenizeni, mmene timatsinira mwana wosokosa m'tchalitchi. Iwo osatekeseka, anapitiriza kundithokoza chifukwa cha zaka zonse zimene ndawasamala, kenako n'kuyamba kundilangiza kadyetsedwe ka agalu awo. Mzungu akafika pogawa agalu, ndinati mumtima, basi kwatha.

Linali Lachinayi, tsiku limene amayi a kumpingo kwathu ku Olievenhoutbosch amasonkhana. Ndinatuluka n'kuwaimbira foni ndikusisima. Nthawi yoona odwala itakwana anatulukira asanu ndi mmodzi, mipango yoyera kumutu, n'kuzungulira bedi. Anayamba motsitsa nyimbo ija timaimba tikataya mtima. Madamu ankagwedezera mutu mokondwa, ankaona ngati ndi kwaya yowalandira.

Nesi uja anabwera chothamanga. "Eish, Mama, wamwalira ndani muno?"

Nditamufotokozera, anagwira chitsulo cha bedi kuti asagwe ndi phwete. Anati asanamalize opaleshoni, dotolo anabaya jakisoni wa dzanzi mbali zonse ziwiri za mimba, pafupi ndi mitsempha imene imanyamula ululu wa pazilonda. Ululuwo ulipo koma watsekeredwa njira, ndipo mankhwalawo akatha mphamvu ufika. Atamva kuti ndinawatsina wodwala, kuseka kunathera pomwepo, anandikalipira ngati mwana. Amayi a kumpingo anatuluka akundinena kuti ndaitanira maliro munthu wamoyo, koma nkhuku ija anaimaliza pamalo oimika magalimoto.

Dzuwa likupendeka, Madamu anayamba kuchita tsinya. Anayesa kutembenuka, ndipo kunamveka kubuula kwenikweni, kochokera pansi pa mtima. Ine ndinaomba m'manja.

"Zikomo Ambuye, akumva kuwawa."

Anandiyang'ana ndi diso limene sindidzaliiwala, koma ine misozi inali mbwembwembwe ndi chimwemwe. Nesi anabweretsa mankhwala ena, kenako anandiuza kuti nthawi yatha, ndizipita.

Ndinayang'ana mabedi ena. Aliyense anali atazondedwa ndi mwamuna, ana kapena abale onyamula maluwa. Kwa Madamu, tsiku lonse lathunthu, tinabwera ndife tokha, oimba nyimbo yolakwika. Ndikunyamuka kuti ndikatenge beseni langa panja, ndinamva chitenje chikukokedwa. Madamu anali atachigwira ndi zala ziwiri, maso ali kwa nesi.

"Uyu ndi gadiyani wanga. Asachoke."

Nesi anapumira m'mwamba, anatuluka, n'kubwerako ndi mpando.