Kansalu kamene amayi anaponya pamoto

Ndinafika zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndisakudziwa kuti diso langa lamanzere ndi laulesi. Anandidziwitsa ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi. Aphunzitsi ake ku eskola anadandaula kuti amapendeketsa mutu powerenga, ndiye tinakwera shapa, kaminibasi ka kwathu kuno, kupita kwa adotolo a maso. Mwanayo atakana kutsekedwa diso, adotolo anati nditseke langa lamanja kuti aone kuti sizipweteka. Ndinatseka ndikuseka. Zilembo zonse za pakhoma zinasanduka utsi.

Adotolo anati diso langalo lilibe bala, koma ubongo unasiya kulimvera ndili wamng'ono. Mwana akamatseka diso lamphamvu maola angapo tsiku lililonse, lofookalo limadzuka. Ine wamkulu ndingapindule pang'ono chabe, ndiponso ndi thukuta. Mwana wanga nayenso anamupeza ndi vuto lomwelo. Anatipatsa tinsalu tiwiri totsekera diso, ine n'kundiwonjezera ntchito: kusankha nyemba diso labwino lili chitsekere, kulowetsa ulusi pasingano, ndi kuyang'anitsitsa ndi maso onse mikanda itatu ya pa chingwe chomangirira kuchitseko.

Ntchito yake ndi yopsetsa mtima. Mayi wolima kachewere wodzaza kamyao, chilole chonse, kulephera kusiyanitsa nyemba ndi kamwala. Mutu umawawa, misozi imangotsika. Tsiku lina ndinakankha lichero ndi phazi, nkhuku n'kuchita phwando.

Amayi anga, amene amakhala kufupi ndi Fonte Boa, anabwera kudzacheza n'kutipeza tonse awiri pakhonde titavala tinsalu tathu. Sanadabwe n'komwe.

"Kansalu ako ndikukadziwa," anatero akukonza kapulana yawo m'chiuno. "Airima, masisitere a kumisao aja, adakupatsa komweko uli ngati uyu."

Ndinafunsa kumene kanapita. Anati ndinakavala masiku ochepa, kenako amayi anzawo kutchalitchi anayamba kunong'onezana kuti mwana wa uje ali ndi diso limodzi, adzamukwatira ndani. Amayi anga anakaponya pamoto. Ankafotokoza ngati akunena za mvula ya chaka chatha.

Ndinakwiya kwambiri. Ndinakumbukira makofi amene amayi omwewa ankandimenya ndikathira madzi pambali pa chikho, akumati ndilibe nzeru. Ndinakumbukira kugwa ndi njinga paulalo wa matabwa, anthu akuseka kuti kodi ndaledzera. Zaka zonsezi ndinkavomereza kuti ndine munthu wosasamala, pomwe mankhwala ake anali kansalu kosadzaza chikhatho. Sindinawalalatire. Ndi amayi anga, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka koposa.

Domingu tinapita limodzi kumisa. Tili pakhomo la tchalitchi, ndinaona dzanja lawo likupita kumutu kwa mwana wanga, zala zikufunafuna mfundo ya kansalu.

"Kwa misa yokhayi basi," ananong'ona. "Anthu akuyang'ana."

Ndinawagwira pamkono. Chibadwire ndinali ndisanawagwirepo chotero.

"Amayi, langa mudatenga. La uyu musakhudze."

Ndinatulutsa kansalu kanga m'thumba, ndinakamanga pa diso langa labwino pamaso pa anthu onse, ndipo ndinakoka mwana wanga mpaka pa benchi yakutsogolo. Amene ankafuna kuyang'ana anayang'ana ndithu. Mwanayo anandiwerengera manambala a nyimbo pakhoma ndi diso lake lofooka lija, awiri mwa atatu molondola. Pa nthawi yopatsana mtendere ndinacheuka kufuna amayi kumbuyo kumene anakhala. Anthu onse anali utsi wokhawokha, ndipo sindinathe kuwapeza.