Kansalu ka amayi pa swichi yanga

Za netiweki ndinaphunzirira pa foni, mavidiyo okhaokha mpaka maso kuwawa. Ndiye msuweni wanga wa ku Harare, amene amalumikiza makompyuta m'maofesi, anandiuza kuti ndikamanga netiweki yanga yoyeserera kunyumba, ikayenda tsiku lonse osafa, adzanditenga kuntchito. Ine basi, tulo tinatha!

Zida ndinachita kutolera. Makompyuta akale ndinapempha kwa anzanga ku Waverley konkuno, zingwe ndinagula m'tauni, batire ya galimoto ya bambo ndiye inali yodikirira magetsi akathima. Chosowa chinali swichi, kabokosi kamene zingwe zonse zimakumanamo. Amalume a ku Chegutu anali nayo, yotsala pa kafe yawo ya intaneti imene inatsekedwa. Pobwera nayo ndinaifungata m'kombi, minibasi ya kuno, ngati khanda.

M'mawa zonse bwinobwino, timagetsi tobiriwira phethiphethi, makompyuta akulankhulana. Ndikapita kukasaka data yotchipa, pobwera masana ndimapeza zii, swichi yafa, ikutentha ngati ayironi. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinabwerera nayo ku Chegutu, ndikulongolola njira yonse. Kumeneko inayenda mpaka madzulo, amalume akungondiseka kuti foni yandiwononga mutu.

Tsiku lina, nditabwera nayonso kunyumba, ndinatuluka nditaiwala chaja, n'kubwerera msanga. Ndinapeza amayi m'chipinda changa akuyala kansalu koluka pamwamba pa swichi, kokhuthala, mabowo onse a mpweya tseke. Kwathu chilichonse cha magetsi chimafunda, TV, wailesi, ngakhale firiji. Amati fumbi la ku migodi ya Eiffel Flats silisiya chinthu. Akamva geti kuti ndabwera, ankakachotsa n'kukapinda, poopa kuti ndinena kuti amandigwirira zinthu.

"Amayi, chimenechi chimapuma ngati inu nomwe," ndinatero.

"Ndiye chikhale maliseche? Alendo akalowa aziti m'nyumba muno mulibe mzimayi?"

Tinakambirana mpaka sadza, nsima ya kuno, kupsa. Pomaliza tinagwirizana kuti kansalu kapite pansi, swichi ikhale pamwamba ngati mfumu pa mkeka, fumbi ndizipukuta ndekha.

Inayenda tsiku lonse, n'kupitiriza mawa lake. Ndinajambula vidiyo n'kutumiza ku Harare. Msuweni anayankha kuti ndipite Lolemba, kenako anafunsa ngati amayi angamulukire kansalu konga kamene anakaona mu vidiyomo.